Misundu m'thanki ya malemu

Mwamuna wanga atamwalira, abale ake anandisiyira zimene sanazionere ntchito: njinga yopanda mabuleki, mabuku a sayansi odyeka ndi chiswe, ndi thanki yagalasi ya nsomba. Mipando, wailesi, ngakhale nsapato zake zopita nazo kutchalitchi, zonse zinakwera lole limodzi ndi bokosi la maliro. Mlamu wanga wamkulu anaima patsogolo pa thankiyo manja ali kumbuyo, n'kufunsa ngati tinsombato timadyedwa. Nditati ayi, anati, "Basi, izi n'zanu, mlamu." Ndikanakhala ndi mphamvu tsiku limenelo ndikanamuseka.

Kuno ku Tembwe, m'boma la Chama, tinabwera chifukwa cha ntchito. Iye anali mphunzitsi wa sayansi, ine ndine namwino pachipatala chaching'ono. Tinachokera ku Chipata, ndipo msewu wonse wa mabampu uja thankiyo anaifungatira pamiyendo, nsomba zili m'ndowa yoboola chivindikiro pakati pa mapazi ake. Anthu m'galimotomo anaseka mpaka kutsokomola. Amati sanaonepo munthu wopita kuchigwa cha Luangwa atanyamula nsomba zakezake, komanso zosadyedwa. Iye anangomwetulira, n'kumasuzumira m'ndowamo pa bampu iliyonse.

Ana tinalibe. Pamenepo sindinenapo zambiri, anthu ananena kale zokwanira.

Nsombazo zinali zisanu, zofiirira ngati lalanje lakupsa, zamimba zotupa, michira yake yolendewera. Ina inali yaikulu kuposa zinzake, yoyera m'mimba, ndipo mwamuna wanga ankaitchula kuti Ahedi, ati chifukwa imafika mochedwa koma imayamba ndiyo kudya. Akaviika chala m'madzi, Ahedi ankabwera mwaulesi n'kumachijompha. Ine ndikayesa ankandiyang'ana n'kutembenuka. Ndinkati nsombazo ndi akazi anzanga, ndipo nthawi zina sindinkanena mocheza. Munthu amafika kunyumba, asanakupatse moni wayamba wawerama pagalasi kufunsa nsomba ngati zaswera bwino.

Anali ndi malamulo ake, ndipo ankawanena mobwerezabwereza ngati ali m'kalasi. Madzi akhale a pamjigo, ayambe akhala m'ndowa yabuluu pamthunzi, asefedwe ndi malaya ake akale. Chakudya n'chongotsina ndi zala ziwiri. Kamakina kopopera mpweya, kamene kankalira ng'ung'ung'u pa batire la sola, kasazime. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti madzi osataya onse nthawi imodzi. Umachotsako pang'ono, n'kuwonjezera pang'ono. "Madzi akale ndiwo mudzi wawo," ankatero. "Ukawachotsa onse wawasamutsa." Ine ndinkamva ndi khutu limodzi, uku ndikusita yunifolomu.

Anagwa m'kalasi mwezi wa Novembala, dzuwa lija lophwetsa miyala, choko chili m'manja. Pamene ankafika naye kwa ine pachipatala anali atasiya kale kuyankhula. Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa womwewo tinali titakangana za sopo.

Amene sanakhaleko kuno sangadziwe mmene maliro amadzazira nyumba. Anabwera a m'midzi yonse yozungulira, ena wapansi, ena panjinga, makolo a ana amene anawaphunzitsa, azimayi amene ndinawachiritsa, ndi ena amene sindinawaonepo. Ndipo kuno namfedwa sagwira ndowa. Sasesa, sasonkha moto, satunga madzi. Ntchito yake ndi kukhala pamphasa. Madzi amatunga azimayi anzako, ndipo amadzaza chilichonse chimene chili ndi kamwa: migolo, mabeseni, miphika, zigubu. Nyumba ya maliro ikasowa madzi, manyazi ndi a mudzi wonse.

Amene ankatsogolera zimenezi anali amake mapasa, mayi wa kutsidya kwa kanjira kathu, mlimi wa mpunga. Ndi munthu wosachedwa kuseka, wa mapazi ong'aluka, amene kuyambira tsiku limene tinafika ananditenga ngati mng'ono wake wosadziwa kanthu. Ndiye anandiphunzitsa kupereka moni m'Chisenga. Ndiyenso, pamene alamu anga ankatulutsa katundu, anakhala pa batire la sola lija n'kuyala chitenje chake mbali zonse, n'kumalira mokweza osasuntha mpaka lole inadzaza. Popanda iye kamakina ka mpweya kakanazima tsiku lomwelo.

Mjigo wathu wapafupi ndi umodzi, uli kusukulu, ndipo nyengo yotentha umatulutsa madzi ngati ukuchita kuwawerenga. Sukanakwanira khamu lonse lija. Choncho azimayi anatsikira kudambo kumene amalima mpunga, kumene kumatsala zithaphwi ngakhale mvula isanabwere. Ine sindinaone zimenezi. Ndinkangoona ndowa zikulowa ndi kutuluka. Ndipo amake mapasa, poona kuti madzi m'thanki atsika ndi kutentha, anachita chimene munthu aliyense wamtima wabwino akanachita m'nyumba ya maliro. Anadzaza.

Mtembo tinapita nawo kwawo ku Katete, ndipo ndinakhalako milungu ingapo monga mwa mwambo. Kiyi ndinasiyira amake mapasa.

Ndinabwerera mvula itayamba, msewu uli matope okhaokha. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikapeza nsomba zitafa, ndipo ndisakadandaule. Ndinatsegula chitseko, ndipo choyamba kumva chinali kamakina kaja, ng'ung'ung'u, ngati mwini wake wangotuluka pang'ono. Nsomba zonse zisanu zinali moyo. M'madzimo munali mutayandama udzu wobiriwira umene sindinausiye.

Amake mapasa anali kumbuyo kwanga, nkhope ili mwee.

"A Sisita, onani ana anu," anatero. "Palibe wafa olo mmodzi. Chakudya cha m'kachitini chinasila, manje nenze kuwapatsa gaga, m'mawa na m'madzulo. Madzi nenze kuthira. Na udzu nawaletera wa kudambo, akhaleko na mthunzi. Nsomba siingankhale pambalambanda monga mbale."

Ndinagwada pansi n'kumuthokoza, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse. Mawa lake ndinamupatsa chitenje chatsopano. Anavina nacho pakhonde. Kachitini kaja ndinakadzazanso ndi chakudya chimene ndinagula ku Chipata pobwerera.

Kuyambira pamenepo nsombazo zinasiya kukhala akazi anzanga. M'nyumba monse, chimene chinkadziwa dzanja la mwamuna wanga n'kukhala chikupumabe chinali m'galasimo, kupatula ine. Malaya ake anapita, mpando wake unapita, fungo lake pa pilo linatha ndi chinyontho cha dzinja. Koma ndikaviika chala m'madzi, Ahedi anayamba kubwera, mwaulesi momwemo, n'kujompha. Kaya ankandiyesa iye, kaya inali njala chabe, sindinafune kudziwa. Ndinkadzuka chifukwa panali wofunika kumudyetsa. Ndikunena zoona, panalibe chifukwa china.

Tinyongolotsi toyamba ndinationa m'mawa wina ndikumwa tiyi. Tinali toyera, toonda ngati ulusi wosokera, tikupindikapindika m'madzi, tina titaunjikana pagalasi pafupi ndi miyala. Ine nyongolotsi za m'mimba mwa anthu ndimazidziwa, ndazionapo zamitundu yonse, koma za m'nyumba ya nsomba ndinalibe nazo chidziwitso. Wodziwa anali ku Katete, pansi pa dothi.

Ndinafufuza m'katoni ya mabuku n'kupeza galasi lake lokulitsira zinthu, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira. Ndikaweruka ndinkapita kuchulu cha kuseri kwa sukulu, kumene foni imagwira netiweki, n'kumayerekeza zithunzi ndi zimene ndaona. Aphunzitsi anzake ankandiona ndili pachulu, mayi wovala zakuda atakweza foni kumwamba, n'kumandipatsa moni wachisoni. Ankaganiza kuti ndikulondola za penshoni. Sindinawauze kuti ndikufunsa za nyongolotsi.

Ndinaphunzira kuzisiyanitsa ndi kayendedwe. Toyera tija, tosambira mopindika, si toopsa. Timakhala m'miyala, timadya zoola, ndipo tinachuluka chifukwa cha gaga amene anamira n'kuwola pansi. Nsomba zimatidya. Panalinso tofiira ngati magazi, tobisala m'matope a pansi. Timeneti ndi ana a tizilombo touluka, ndipo kwa nsomba ndi ndiwo yapamwamba. Kenako ndinapeza taphanthiphanthi, totuwa, tamutu wosongoka ngati mkondo, toyenda pagalasi mongotsetsereka osapindika. Ndi galasi lokulitsira lija ndinaona kuti tili ndi timaso tiwiri toyang'anana, tooneka topusa. Timeneti akuti timadya mazira ndi tinkhono, koma nsomba yaikulu sitiikhudza.

Ndinapuma. Ndinachepetsa chakudya, ndinachotsa udzu uja amake mapasa atapita kumunda, ndinakoka zoola za pansi ndi kapaipi monga ankachitira mwini wake, madzi n'kuchotsako pang'ono. Ndinafika podzitama. Ndinkalankhula naye mumtima kuti, waona, aphunzitsi, khutu limodzi lija linkamva ndithu.

Kenako nsomba ina inayamba kudzikhula pamiyala ngati mbuzi ya nkhupakupa. Inasiya kudya. Pansi pa zipsepse zake panaoneka timadontho tofiira. M'mawa wina ndinaipeza itayandama chagada. Ndinaitembenuza m'dzanja, ndinayang'ana m'kamwa, m'makha, paliponse, osapeza kanthu koma timabala tija, tozungulira bwinobwino ngati tochita kudinda. Ndinati mwina ndi ukalamba. Posakhalitsa yachiwiri inayamba kudzikhula.

Chimene chinkazipha ndinachiona Loweruka lina kutangocha, kuwala kusanalowe bwino m'chipindamo. Pagalasi panali kanthu kabulauni, kosafika kutalika kwa kamtengo ka machesi, katagwira ndi kumchira, mutu ukugwedezeka uku ndi uku m'madzi ngati kakununkhiza. Ndinati ndi kaphanthiphanthi kaja. Koma kanayenda. Kanadzitambasula, kanagwira ndi mutu, kanakoka mchira n'kupindika msana, kanadzitambasulanso, monga amachitira munthu woyeza nsalu ndi chikhatho. Sindinafunikire kupita kuchulu. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa. Nyengo ya mpunga ndimachotsa zimenezi m'miyendo ya azimayi, ndipo kamodzi ndinachotsa m'mphuno mwa ng'ombe ya munthu amene anakana kumva kuti ine si dokotala wa ziweto. Unali msundu.

Ndinaugwira ndi kopanira ka kuchipatala. Unadzikunga n'kuuma gwa ngati njere. Taphanthiphanthi tija ukatigwira timaphwanyika, koma uwu ayi. Nditauika m'mbale n'kuthira mchere, unatulutsa magazi. Magaziwo sanali ake.

Ndinatulutsa mwala umodzi n'kuutembenuza. Kunsi kwake kunali misundu ina itaphatika, ndiponso timazira tabulauni, tolimba, tomatirira moti chikhadabo chinkachita kuvutika. Ndinatulutsa wachiwiri, chimodzimodzi. Miyala imeneyo anaitola yekha mumtsinje wa kwawo, n'kuiphika asanaiike. Ndinakhala pansi, mwala uli m'manja, madzi akudontha pa siketi.

Kumene inachokera sikunali kofunsa. Ndinakwiya, ndipo ndisabise, ndinakwiya moopsa. Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana kutsidya kwa kanjira. Amake mapasa anali akupeta mpunga, akuimba, atavala chitenje chija ndinamupatsa. Mawu anali atafika kale pakamwa. Ndani anakutumani? Munaona kuti ndi dimba lanu? Koma munthu amene anakutungira madzi pa maliro a mwamuna wako umamukalipira bwanji? Amene anakhalira batire lako, n'kudzitsitsa kudambo ndi ndowa pamutu dzuwa lili pamutu, iwe uli pamphasa? Akanapanda kuthira, mwina nsombazo zikanafa ndi kutentha ndisanabwere. Ndinabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko, chinthu chimene kuno sachita masana.

Anazindikira msanga. Tsiku lina anandipeza pamjigo.

"A Sisita, masiku ano chitseko chili che chotseka. Nakulakwirani chani?"

"Palibe, amake mapasa. Kutopa chabe."

"Ana ali bwanji?"

"Ali bwino."

Pamenepo n'kuti zitatsala zitatu.

Nkhondo imene ndinamenya ndi misundu ija sindingaifunire munthu. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkasaka pagalasi ndi kopanira. Ndinkatulutsa nsomba imodziimodzi n'kuiika m'beseni la madzi a mchere pang'ono, ndipo misundu ina inkagwa yokha kuchokera m'makha, mmene maso sakanafika. Nsomba m'dzanja imanjenjemera mofanana ndi mwana wa malungo, ndipo sungaiuze kuti pirira. Ndinatchera msampha wa kachiwindi ka nkhuku m'kabotolo koboola, ndipo m'mawa kabotoloko kankakhala ndi alendo. Ndinkawathira mchere n'kumawayang'ana akufa, mtima uli mbee, ine amene ndinalumbira kusamala moyo. Miyala ndinkaipala ndi mpeni. Koma mazira amene ndinkawaona anali ochepa kuposa amene sindinkawaona. Anali m'makona a galasi, m'mphira ya kapaipi ka mpweya, m'ming'alu ya miyala. Ndikapha khumi, mlungu wotsatira kunkabadwa ena, ang'onoang'ono ngati nsidze, anjala kuposa makolo awo.

Mankhwala ophera misundu m'madzi a nsomba akuti alipo, kumatauni akuluakulu. Kuno nyengo ya mvula ngakhale panado amafika mochita kupempherera. Mitsinje inali itadzaza, magalimoto ataima kutsidya. Ndinaimbira mnzanga wa ku Lusaka, ndipo atamva kuti ndikulirira nsomba anati, "Mwana wa amayi, ukufunika kubwera kuno upumeko." Sindinamuimbirenso.

Yachitatu inafa. Yachinayi inalimba, inayambanso kudya, ndinayamba kuiyamikira, kenako inafa. Anatsala Ahedi okha m'thanki yonse ija, atayezuka, mchira utang'ambika, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi. Ndikaviika chala ankabwerabe, koma kujompha kwake kunali kongokhudza.

Ndinagwira njakata. Misundu sikanatha popanda kutaya madzi onse, kuphika miyala ndi kuyanika thanki padzuwa. Zimenezo ndinaziwerenga pachulu, ndipo nzeru zanga za unamwino zinkavomereza. Koma mawu a mwini wake anali m'khutu: madzi osataya onse. Ndipo panali china chimene sindikanauza munthu. M'madzi amenewo munali madzi amene anathira iye. Ndinkadziwa kuti asakanikirana ndi a kudambo ndi anga, kuti mwina otsalawo sangadzaze kapu, koma analimo. Ndinazengereza. Tsiku lililonse limene ndinazengereza, Ahedi ankalipira ndi magazi.

M'mawa wina ndinapeza misundu iwiri itaphatika pafupi ndi diso lake. Tsiku limenelo sindinapite kutchalitchi. Ndinaika Ahedi m'ndowa yabuluu, n'kuyamba kutunga madzi a m'thanki ndi jagi, kukataya patsinde pa mtengo wa mango. Nthaka inali yonyowa kale ndi mvula, moti madziwo sanasiye ngakhale chizindikiro. Miyala ndinaiika mumphika pambaula. Galasi ndinalikwecha ndi mchere mpaka zala zinasupuka.

Ndili mkati mokwecha pakhonde, amake mapasa anatulukira akuchokera kumapemphero, Baibulo lili m'kathumba. Sindinathe kubisa kanthu. Mbale ya misundu inali pomwepo, yothira mchere, madzi ake ofiirira. Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Kenako anasuzumira m'ndowa yabuluu.

"Enangu ali kuti?"

Anatola kamtengo n'kutembenuza msundu umodzi. Munthu amene wakulira m'madzi a mpunga safunika galasi lokulitsira.

"Iyi ni ya kudambo kwathu," anatero motsitsa mawu. "A Sisita, nine naleta. Mu ndowa yanga."

Apa mpamene munthu wabwino amati ayi, musatero, si inu. Mawuwo ndinali nawo, koma anakana kutuluka. Ndinapitiriza kukwecha galasi. Ndinati, "Madzi akatayika saoleka, amake mapasa."

Anaimirira, anakonza chitenje, n'kuwoloka kanjira osatembenuka. Tsiku limenelo kwawo sikunamveke nyimbo.

Thanki itauma ndinabwezeramo miyala yophika ndi madzi a pamjigo, ogonera m'ndowa, osefa ndi nsalu. Inawala kuposa kale lonse. Munalibe toyera, tofiira, taphanthiphanthi, ngakhale msundu umodzi. Ndinaikamo Ahedi ndi manja awiri. Anazungulira kamodzi, kawiri, akugunda mphuno pagalasi ngati mlendo wosadziwa khomo. Anadya pang'ono. Ndinayamba kukhulupirira, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka kwambiri ndikakumbuka.

Posapita nthawi madzi aja anachita mbuu ngati mwathiridwa mkaka. Ahedi anatsikira pansi n'kupinda zipsepse, makha akugunda mofulumira. Ndinachotsako madzi, ndinawonjezera ena, ndinasiya kudyetsa, ndinayambanso. Ndinakwera chulu mvula ikugwa. Kumeneko ndinawerenga zimene mwamuna wanga ankanena m'mawu ake aafupi aja, kuti m'madzi akale ndi m'miyala yakale mumakhala tizilombo tosaoneka timene timadya zoipa za nsomba, ndipo ukaphika zonse nsomba imatsala ikusambira m'zoipa zake zomwe. Ndinatsika pachulupo nsapato zili m'manja. Ndikanasiya madzi akale, misundu ikanamumaliza. Nditawataya, ndinamusamutsa ali wodwala. Mpaka lero ndimafunafuna njira yachitatu imene ndinaiphonya, ndipo sindiipeza.

Ndinamupeza masana, nditabwera kudzadya, atagona cham'mbali pamiyala yoyera ija. Thovu la mpweya linkamugwedeza mchira, moti ndinaima kanthawi ndikuyesa kuti akupuma. Ndinaviika chala. Ndinachisiya m'madzimo mpaka chinachita makwinya.

Ndinamukwirira ndi khasu patsinde pa mango, pomwe ndinataya madzi. Kenako ndinasamba m'manja n'kubwerera kuntchito, chifukwa kunali sikelo ya ana ndipo mzere unali utafika pamsewu. Ndinayeza ana, ndinabaya katemera, ndinakalipira mayi wina amene anataya khadi. Palibe amene anadziwa kanthu. Ukanawauza chiyani anthu amene anaika ana awo enieni m'manda, kuti ine lero ndaferedwa nsomba?

Ku Katete, alamu anga aakazi ankanong'onezana kuti sindinalire mokwanira. Ankanena zoona. Misozi inkabwera pang'ono n'kuuma, ngati mjigo wathu wa Novembala. Ndinkaganiza kuti ndine wolimba mtima. Tsopano ndikuona kuti ndinali ndisanakhulupirire. Bola kunyumba kunali chinthu chake chofuna chakudya m'mawa, iye anali ngati wapita kumsonkhano wa aphunzitsi ndipo wandisiyira ntchito.

M'mawa mwake ndinadzuka pa nthawi yodyetsa, ndinafika mpaka potsegula kachitini. Ndili chiimire choncho ndinamva "Odi" wapansipansi. Anali amake mapasa, amene sanaponde pakhomo panga chichokereni tsiku la mbale lija. Anali ndi ndowa pamutu, kukamwa kwa ndowayo atamangako nsalu yoyera. Miyendo inali matope mpaka m'mawondo.

"A Sisita, aya ni a pa pampu," anatero asanatule. "Osati ya kusukulu, yenze na anthu maningi. Nayenda ku ija ya kumsika. Nasefa kawiri. Ndowa nayo nasuka na madzi yakupya. Mulibe kanthu, onani mweka."

Ndinamuthandiza kutula. Analowa, ndipo maso ake anapita kuthanki. Kamakina kanali kakulira, thovu likukwera m'madzi opanda kanthu. Anayang'ana kumakona, kuseri kwa miyala, ngakhale pansi pa tebulo. Kenako anayang'ana kachitini kotsegula m'dzanja langa.

Sanafunse za Ahedi. Anangoti, "Manje nithire kuti?"

"Thirani mmenemo," ndinatero. "Manje mulibe chakufa."

Sanathire. Anachotsa nkhata kumutu n'kuiika pansi. Anamasula chitenje chija ndinamupatsa n'kuchimanganso molimba m'chiuno, monga amachitira azimayi akuno akafika pa siwa. Anakhala pansi pa simenti, patsogolo pa thanki, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro. Sankalira nsomba. Ankaitana mwamuna wanga, aticha, aticha, mwatisiyira nyumba yazii, mwamusiya na ndani mwana wa eni ake kuno kuchigwa.

Ndinakhala pambali pake, kachitini kanagubuduka, chakudya cha nsomba n'kumwazika pasimenti ponse. Ndinalira mmene sindinalirire ku Katete, mokuwa, mopanda ulemu, mpaka azimayi a nyumba zoyandikana anabwera akuthamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Amake mapasa anawayankha kuti ndi aticha. Iwo anayang'anana, chifukwa aticha anali atamwalira kalekale, koma anavula nsapato pakhomo n'kukhala nafe pansi.

Ndowa ija inakhala pakati pa chipinda tsiku lonse, nsalu yake ili chimangire, ndipo panalibe woti n'kumwa madzi ake.